Bomba la Mfumu Salakwa

Anthu a ku Ndifetokha ndi anthu a ku Nafenso anadana chifukwa cha chipewa.

Kale onsewa anali mtundu umodzi, mneneri wawonso anali mmodzi, dzina lake Mbalule. Tsiku lina mneneriyo akupemphera pamwala wa pakati pa mtsinje wa Tayambana, chipewa chake chinagwera m'madzi n'kumapita. Amene anaima tsidya lakumadzulo anati wachivula dala, kutiphunzitsa kuti munthu azipemphera mutu uli pamtetete. Amene anaima tsidya lakum'mawa anati bodza, yachiulutsa ndi mphepo, ndipo phunziro lake n'lakuti chipewa uzichimangirira kuchibwano ndi chingwe. Akanamufunsa mwini wakeyo, koma iye analumphira m'madzi kulondola chipewa chake ndipo sanabwerenso.

Kuyambira pamenepo akumadzulo anadzitcha Ndifetokha, poti kumwamba adzalowa ndi iwo okha. Akum'mawa atamva anadzitcha Nafenso. Mulungu anali yemweyo, nyimbo zomwezo, buku lomwelo. Mvula ikagwa inkanyowetsa onse, kungoti a ku Ndifetokha ankanyowa kwambiri.

Panali lamulo limodzi lokha limene sanakanganirane, loyamba m'buku la mneneri: "Usapatse munthu chimene sunalawe." Limeneli ndiye ankalisunga mopikisana, aliyense kufuna kuoneka woyera kuposa wa tsidya. Wogulitsa thobwa ankayamba wamwako, kuchotsa ufiti, kenako n'kupatsa kasitomala. Anamwino mikono yawo inali ngati sefa chifukwa cha majakisoni. Aphunzitsi asanakwapule mwana ankayamba adzikwapula okha, choncho ana a kumeneko ankakula matako ali osalala. Ngakhale pankhondo, msilikali asanagende mdani ankayamba wadzigogoda pamutu ndi mwala womwewo. Nkhondo yaitali kwambiri pakati pa maufumu awiriwa inayamba m'mawa n'kutha nthawi ya nkhomaliro, asilikali onse atakhala pansi akusisita zotupa. Mfuti zitafika, wolawa chipolopolo sanapezeke, ndiye zinkangonyamulidwa pa perete.

Tsono pampando wa Ndifetokha panadzakhala Mfumu Salakwa, imene inalinso mkulu wa ansembe. Lamulo loyamba inaliloweza bwinobwino, inkalilalikiranso chaka ndi chaka. Koma chibadwire mfumuyi inali isanapatsepo munthu kanthu. Ntchito yake inali yolandira. Choncho lamulolo linali lisanaifikepo pakamwa, ndipo inkaliona ngati lamulo la amayi a pamsika.

Tsiku lina inamva pawailesi kuti kunja kuli chida chotchedwa bomba la nyukiliya, choti ukaponya kamodzi dziko lonse la mdani limasanduka phulusa, zipewa ndi zingwe zomwe. Inaitana Nduna ya Nkhondo ndi Mapemphero, a Chiphaliwali.

"Chimenechi ndiye Mulungu anakonzera ife," inatero mfumu. "Chikuchedwa kuti?"

"Chili m'njira, Wosalakwa," anayankha a Chiphaliwali, amene sankadziwa n'komwe kumene chimagulitsidwa.

Panatuluka malamulo awiri. Loyamba linati shuga yense wa m'dzikomo azitumizidwa kunja kukasinthanitsa ndi bomba, ndipo tiyi wopanda shuga akhale chizindikiro cha chikhulupiriro. Lachiwiri linati aliyense wofunsa funso lokhudza bomba ndi kazitape wa azipewa. Anthu anamwa tiyi wowawa zaka zisanu ndi ziwiri, mafunso ali m'masaya.

M'chaka chachisanu ndi chitatu bomba linafika pa lole ya matayala makumi awiri. Linali ngati mgolo wautali wosongoka kutsogolo. Mfumu inalitcha Mkwiyo wa Kumwamba, inalamula kuti ajambulepo nkhope yake mbali zonse ziwiri, ndipo m'munsi mwake alembemo zilembo zikuluzikulu: KATUNDU WA MFUMU SALAKWA YOKHA. Pamsika ankangoti chimgolo. Analiika pabwalo la mpira la m'mbali mwa mtsinje, mphuno italoza tsidya, n'kulimangira chisakasa cha udzu kuti lisanyowe. Alonda ake ankaotcha chimanga pa mbaula m'chisakasa momwemo, poti munali mthunzi wabwino.

Mfumu Sapepesa ya ku Nafenso itaona, inalengeza kuti nayonso yaitanitsa lake, lalikulu kuposa limeneli, lobwera ndi chipewa chake. Tsiku lomwelo mafumu onse awiri anatseka mlatho wa pa Tayambana, iliyonse mbali yake, kuopa akazitape. Chilowereni ufumu, aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane chinthu.

Mlatho unatsekedwa Lachitatu. Lolemba la sabata yomweyo, Enelesi Nagama, mayi wogulitsa thobwa pamsika wa pamlatho, anali ataolotsa mwana wake Kelita kukamusiya kwa mlamu wake Feliya ku Nafenso, kuti akasiye bere. Musadabwe za chilamu chimenechi. Chidani chinali cha kumwamba, koma pansi pano anthu ankakwatirana, poti mtsinjewo ndi waung'ono ndipo maso saona malire. Bambo a Kelita, mkamwini wochokera tsidya lomwelo, anali kutali ku ntchito yokonza misewu.

Amene analetsapo mwana kuyamwa akudziwa nkhondo yake. Enelesi anayesa kupaka tsabola, Kelita anangopukuta ndi kansalu n'kupitiriza. Anayesa kumuuza kuti mwalowa chule, Kelita anati amuone chuleyo. Ndiye anapangana ndi Feliya kuti mwana akakhale tsidya sabata imodzi yokha. Sabata ija inasanduka masabata atatu. Kuoloka pansi sikukanatheka: linali dzinja, madzi anali odzaza, ndipo ng'ona za mu Tayambana sizinali za mpingo uliwonse.

M'mawa uliwonse Enelesi ankatula ndowa ya thobwa pagombe n'kukuwa. Mtsinjewo ndi woti munthu akayetsemula tsidya lino, wa tsidya linalo amati pepani. Tsiku lina anakuwa monga mwa masiku onse.

"Alamu! Mwana wadya?"

"Wadya, make Kelita! Mbale ziwiri za phala. Andimalizira nsinjiro mwana wanuyu!"

"Tulo akugona?"

"Iye akugona. Osagona ndife, poti chimgolo chanucho chaloza khomo la khitchini yanga."

"Si changa, alamu. Palembedwa dzina la mwini wake."

"Muwauze eni akewo achikhotetseko pang'ono, chiloze kwa a Nasoko. Anandidyera nkhuku amenewo. Ndimubweretse mumuone?"

"Ayi! Akandiona ayambiranso."

Koma tsiku limenelo Kelita anali atamva kale mawu. Anatulukira kuseri kwa nthochi akuthamanga mwa tadzitadzi, manja ali m'mwamba, akukuwa kuti amama, amama, mpaka Feliya anachita kumugwira diresi pafupi ndi madzi. Enelesi anangoona bulauzi yake yanyowa. Anapita kwa msilikali wolondera mlatho.

"Achimwene, ndingokatenga mwana basi. Ndowa yangayi ndisiya pompano."

"Mayi, lamulo likuti chilichonse chochokera tsidya ndi kazitape."

"Wa zaka ziwiri? Chinsinsi chimene akudziwa ameneuja n'choti bisiketi ndimabisa mumphika."

"Mwaonatu," anatero msilikali. "Zinsinsi akuzidziwa."

Masana ake kunamveka chilengezo cha kunyumba ya mfumu: Mkwiyo wa Kumwamba uponyedwa kwa azipewa pa chikondwerero cha Kugwa kwa Chipewa, chimene chinali chitatsala masiku khumi kuti chichitike. Anthu onse adzabwere atasamba.

Pamsika nkhani inali yomweyo.

"Akuti likaphulika limasankha," anatero Lezina wa tomato. "Limayamba layang'ana pamutu."

"Ndiye ife osenza madengu tathera pomwepo," anayankha wina wa makala.

"Mphepo ya masana imachokera tsidya," anatero Enelesi akutsuka makapu. "Alamu anga akamakazinga usipa ndimamva fungo ndili m'nyumba. Ndiye utsi wa chimgolo ndi umene udzaime pamlatho kudikira chilolezo?"

"Iwe make Kelita, limenelotu ndi funso."

"Si funso. Ndimayasamula."

Kutali kwambiri kunali Bwalo la Alinazo Kale, bungwe la mayiko amene mabomba oterewa ali nawo odzaza nkhokwe. Ntchito ya bwaloli inali kufufuza amene ali woyenera kukhala nawo, ndipo kafukufuku wake nthawi zonse ankapeza kuti oyenera ndi eni bwalowo. Atamva za pa Tayambana anatuma kazembe, a Dikirani, kuti akaone ngati maufumu opemphera mokwiya angaloledwe kukhala ndi bomba.

A Dikirani anafika ndi galimoto zisanu ndi imodzi zoyera, atanyamula madzi awoawo akumwa. Anachititsa misonkhano itatu yokambirana malo ochitira msonkhano, ndi wina umodzi wokambirana kakhalidwe ka mipando. Msonkhano weniweni unachitika kutatsala tsiku limodzi, pabwalo la mpira, pambali pa chimgolo. Anamangirira zokuzira mawu m'mitengo kuti azipewa azimva n'kumanjenjemera, ndipo azipewawo anadzaza gombe lawo, ena atabwera ndi mikeka. Pepala la a Dikirani linali ndi mzere wofuna kuti amayi apezekepo, choncho amayi anaitanidwa kuti aimbe kenako akhale chete. Poti mlendo sungamupatse tiyi wopanda shuga, anatuma Enelesi kuti abwere ndi thobwa, limene limatsekemera lokha ndi chimera.

Mfumu inayamba kulankhula.

"Inu a Alinazo Kale muli nawo zikwizikwi, chonsecho kupemphera simupemphera. Ife timapemphera tisanadye, titadya, ndi pakati pa kudya. Ngati moto uyenera kusungidwa, ausunge ndani, wopemphera kapena wosapemphera?"

A Chiphaliwali anaomba m'manja, anthu n'kutsatira.

"Vuto lagona pomwepo, Mfumu," anatero a Dikirani. "Ife imfa timaiopa, n'chifukwa chake sitiponya. Inu mumalalikira kuti kufa ndi kukwezedwa pantchito. Athuwo timangosunga."

"Ngati suti ya ukwati," ananong'ona Lezina.

"Ngati ndi zongosunga, nafenso tisungeko," inatero mfumu, kenako inazindikira dzina limene yatchula n'kulavula.

A Chiphaliwali anaimirira. "Nkhaniyi ndi yosavuta. Ife tikakhala nalo, iwonso n'kukhala nalo, tidzaopana. Kuopanako ndiye mtendere."

Amayi anayang'anana. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anapezapo ana awiri akumenyana n'kuganiza zopatsa aliyense chikwanje kuti aopane. Koma anali atauzidwa kuti akhale chete.

"Komatu mwalengeza kuti muponya mawa," anatero a Dikirani.

"Eya. Kuti aope bwino."

A Dikirani analemba, n'kulemba, n'kutembenuza pepala. Kenako anati bwalo lawo lamva mbali zonse, ndipo lidzapereka yankho pakatha miyezi isanu ndi inayi.

"Nanga za mawazo?" anafunsa wina kumbuyo, n'kudzibisa.

"Tidzalemba kuti takhumudwa kwambiri."

Apa m'pamene Enelesi anaona kuti akadikira anthu a mapepala, mawa lifika mwana ali tsidya. Anatunga thobwa m'kapu, anagwada pamaso pa a Dikirani, anamwako bwinobwino, n'kuwapatsa ndi manja awiri.

"Mayi, bwanji mwayamba kumwa zanga?" anafunsa a Dikirani akusuzumira m'kapumo.

Kumbali kunadzambatuka nkhalamba ina, buku lili kukhwapa. Anali a Chaputala, msungi wa buku la mneneri, munthu wa dazi lopsa ndi dzuwa la mapemphero a zaka makumi asanu. Kwa zaka zisanu ndi ziwiri palibe anali atawafunsapo kanthu, ndipo ndime zinali zitawadzadza mpaka m'khosi.

"Ndime yoyamba, mlendo!" anatero mokondwa. "Usapatse munthu chimene sunalawe. Pamenepa ndiye pagona chiyero chathu chonse."

Enelesi anatembenukira kwa iwo ali chigwadire. Kufunsa za bomba kunali koletsedwa, koma kufunsa za m'buku kunali ndi madalitso.

"Abambo, ife buku timangolimvera kwa inu. Mundithandizeko pang'ono, za thobwa zomwezi. Amene ukumupatsayo akakhala mdani wako, umalawabe?"

"Ndime yachiwiri, mwana wanga! Mdani ndiye umulawire kawiri, angakakunenere kumwamba."

"Nanga wolawa ndani, mwini thobwa kapena wantchito wake?"

"Mwini! Ndime yachitatu. Wantchito alibe mlandu."

"Zikomo, abambo." Enelesi anadzuka n'kukonza chitenje. "Ndimangofuna kudziwa nthawi imene Wosalakwa alawe katundu wawoyu, kuti ndichotse ndowa yanga pafupi."

 Tsidya linalo mayi wina analeka kusenda mtedza. Funso limeneli linali m'tsaya la munthu aliyense chiyambire tiyi wowawa, ndipo tsopano linali litatuluka kudzera pa zokuzira mawu.

"Gwirani kazitapeyo!" anakuwa a Chiphaliwali.

"Ine ndafunsa za ndowa, bambo," anatero Enelesi.

Mfumu inaseka, n'kuyang'ana a Chaputala kuti nawonso aseke. Koma a Chaputala anali akutembenuza masamba a buku, thukuta likutsika padazi.

"Bomba si thobwa," inatero mfumu.

"Mwalanso si thobwa, Wosalakwa," anatero a Chaputala. "Koma agogo anu anamwalira ali ndi zotupa zisanu ndi ziwiri pamutu, zonse zopatulika."

Mfumu inatembenukira kwa nduna yake. "Chiphaliwali, lawa."

"Ndikanakonda kwambiri, Wosalakwa," anatero a Chiphaliwali akubwerera chafutambuyo. "Ndi ulemu waukulu. Kungoti ndime yachitatu ija." Analoza m'munsi mwa chimgolo, ndipo khamu lonse linawerenga limodzi mokweza ngati ana a sitandade wani: KATUNDU WA MFUMU SALAKWA YOKHA.

"Kuyambira lero ndi la anthu onse a ku Ndifetokha!" inakuwa mfumu.

"Mwatipatsa?" anafunsa Lezina. "Mwalawa?"

A Chiphaliwali ananong'oneza mfumu m'khutu. Mfumu inadzuka, inayenda mwaulemu wake wonse mpaka m'chisakasa, inatulutsa lilime n'kunyambita bomba, patsaya penipeni pa chithunzi chake. Inanyambitanso kachiwiri, poti ndi za mdani. Inabwerera lilime lili biriwiri ndi penti.

"Ndalawa."

Enelesi ananyamula ndowa yake, ananyambita kunja kwake, n'kutembenukira kwa anthu. "Abale, ndachotsa ufiti?"

"Ayiii!" linayankha bwalo.

"Ayiii!" linayankhanso tsidya.

"Chabwino," inatero mfumu, mawu atayamba kuchepa. "Tiphulitseko pang'ono. Kachidutswa chabe, ngati kunyema chinangwa."

A Dikirani, kwa nthawi yoyamba pantchito yawo, anayankha funso tsiku lomwelo. "Silinyemeka, Mfumu. Likayamba limamaliza. Kuchokera pano kukafika kuphiri uko, ndi tsidya lomwe, sipadzatsala wopemphera, wa chipewa kapena wopanda chipewa." Atanena zimenezi anayang'ana chisakasa cha udzu, anayang'ana mbaula ya alonda ikufuka, n'kukokera mpando wawo kutali pang'ono, ngati kuti zingathandize.

"Nanga anu aja, mlendo, analawa ndani?" anafunsa a Chaputala.

"Ife timakayesera kutali, kuzilumba za anthu ena."

Amayi anatseka ana makutu. A Chaputala anagwira pakamwa. "Kulawira pakamwa pa eni ake? Ndiye inu mwabwera kudzatiyeza ife?"

Mfumu inali itatsala ndi njira imodzi, kufafaniza ndime yoyamba. Inatsegula pakamwa kuti itero. Koma tsidya lija azipewa anali atayamba kale kuimba, akuomba m'manja, zingwe zikugwedezeka kuzibwano: "Osalawa! Osalawa!" M'maufumu awiriwa palibe mwano woposa umenewu. Munthu ukhoza kumunena kuti wakuba, mawa n'kudyera naye limodzi, koma wosalawa ngakhale pamaliro pake anthu amabwera ndi kamba wawo. Mfumu Salakwa ikanalola kufa kusiyana ndi kuchepa chiyero pamaso pa Sapepesa. Kungoti itaganiza bwino, kufako sinkakufunanso.

"A Dikirani, tengani. Ndakupatsani."

A Chaputala anatsokomola.

"Tikalitaye mumtsinje."

"Ndiye mwapatsa a kumunsi, Wosalakwa."

"Tilikwirire!"

"Ndiye mwapatsa adzukulu."

Mfumu inakhala pansi, osati pampando, pansi penipeni. Shuga wa zaka zisanu ndi ziwiri anali pamenepo m'chisakasa, wosaponyeka, wosapatsika, wosatayika. Inayang'ana uku ndi uku, maso ake n'kukagwera pa mayi wa thobwa.

"Iwe wayambitsa zimenezi, tanena."

"Ine za maufumu sindizidziwa, Wosalakwa," anatero Enelesi. "Koma mwana akagwira lumo sitimupempha. Timangolanda. Ndipo sindinaonepo wolandidwa akuyamba walawa."

A Chaputala anafufuza buku lonse, kuyambira kutsogolo, kuyambiranso kumbuyo. "Za kulandidwa mulibe," analengeza mwachimwemwe.

Mfumu inakwawira kwa kazembe. "A Dikirani, ndilandeni."

"Zimenezo ziyenera kudutsa kaye mu komiti."

"Ndilandeni lero, bambo. Chonde. Mwamphamvu."

Nthawi yomweyo chitsononkho china chinathetheka pa mbaula, kamoto n'kuulukira kudenga la chisakasa. Mlonda anakazima ndi chikhatho. A Dikirani anati poona mmene zinthu zilili, komiti ikhoza kudzavomereza pambuyo.

Analanda bwino kwambiri. Mfumu inatembenuka kuyang'ana kuphiri, asilikali anauzidwa kuti amange zingwe za nsapato, ndipo amayi amene anaitanidwa kuti akhale chete ndi amene anathandiza kukankha lole yonyamula bombalo itatitimira m'matope. Anapangana kuti loleyo ikafika patali mfumu ikuwe kuti akuba, kuti mbiri idzalembedwe bwino.

Tsono msewu wotulukira m'dzikomo wokwana lole yaikulu choncho unali umodzi, wodzera pamlatho. Mfumu Sapepesa inatumiza uthenga kuti yatsegula mbali yake, chinthucho chidutse ndipo chisaime ngakhale dalaivala atafuna kutaya madzi. Za bomba lake lija inati sinaitanitsepo, anthu anamva molakwa. Akuti msungi wa buku wa kumeneko anali atayamba kale kutsokomola.

Lole inakwera pamlatho pang'onopang'ono, matabwa akulira. Magombe onse awiri anagwada, awa mitu ili pamtetete, awo zipewa zili kumutu, pemphero lili limodzi: matabwa asathyoke. Yankho la Bwalo la Alinazo Kale linadzafika patatha zaka zitatu. Linati maufumu opemphera mokwiya sayenera kukhala ndi bomba, ndipo linathokoza a Dikirani chifukwa cha kulimba mtima. Silinatchule kuti m'nkhokwe za eni bwalo munali mutaonjezeka limodzi, la nkhope yonyambitidwa tsaya.

Koma zimenezo Enelesi sanazidikire. Pamene mtengo wotchinga mlatho unkakwezedwa, iye anali kale kutsogolo kwa lole, ndowa ili pamutu, dalaivala akumuimbira hutala.

"Mayi, dikirani bomba lidutse!" anakuwa msilikali uja.

"Lidikire ndilo, achimwene. Ine ndadikira mwezi."

Feliya anali kumapeto kwa mlatho, Kelita ali m'manja. Mwanayo anali atanenepa, masaya ali phwii, ndipo pamutu pake panali kachipewa kofiira komangirira kuchibwano ndi ulusi.

"N'ka dzuwa chabe, make Kelita," anafulumira kunena Feliya.

Enelesi anakayang'ana kachipewako, anakumbukira dazi la a Chaputala, n'kukasiya pomwepo. Anatula ndowa, anamulandira mwana, anamununkhiza m'khosi, anamuyang'ana m'makutu ndi m'zikhadabo, anamutembenuza kuona ngati zilonda za udzudzu zachuluka.

"Mwamusamala, alamu."

"Nsinjiro zanga mudzabweze ndi thobwa."

Kelita anagwiragwira bulauzi ya mayi ake, anaganiza kaye, kenako analoza ndowa. Bere anali atalisiya. Enelesi anatunga thobwa n'kumuyandikizira kapu kukamwa.

Kelita anakankha kapuyo ndi timanja tonse tiwiri, nkhope itakwinyika.

"Amama, lawa."

Feliya anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. Enelesi anamwako, n'kumupatsa. Tsidya lija kunamveka mawu a mfumu pa zokuzira mawu, ikukuwa kuti akuba, akuba, koma palibe anatembenuka.